Usatsike pa Gweru, Patuma

Maglas, Zvishavane

Patuma mwana wanga,

Salaam aleikum. Ngati pepala ili lili m'manja mwako ndiye kuti njala yakupweteka, wamasula kansalu ka mbatata kaja, wandipeza ndabisala pansi pake. Ndalemba masana dzuwa likadalipo, pakuti magetsi a kuno ukuwadziwa, amabwera ngati mlendo wosokera nyumba. Iwe wapita ku Mandava kukalukitsa tsitsi ndi kutsanzika anzako, ine ndakhala pakhonde ndi cholembera. Mwana wanga ine, mwana wa Jafali wa pamgodi, akupita ku Malawi kukaphunzira unamwino! Ndauza anthu onse a kumzikiti, ndauza a pamzere wa mkate, ndauza ngakhale wamisala uja wa pamsika, ndipo wandiwombera m'manja.

Usawerenge basi ikamakhotakhota pa Boterekwa, mimba yako ndikuidziwa. Koma umalize musanalowe mu Gweru. Chifukwa chake uchimva posachedwa.

Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti Chishona ndiye chimatsetsereka pakamwa pako, Chichewa umachita kuchitafuna ngati chimanga chokazinga. Koma kumene ukupitako, gogo wodwala sakakuuza pamene pakupweteka m'Chishona ayi. Yamba lero, ndi ine.

Tsopano tamvera. Mai Dube oyandikana nafewa sasunga nkhani m'mimba, ndipo lero ndathokoza Mulungu chifukwa cha lilime lawolo. Andiuza zimene unawanong'oneza dzulo pampopi. Akuti ukwera basi kuti ine ndisangalale, koma ukafika pa Gweru utsika, ugona kwa mnzako masiku angapo, kenako ubwerera kudzandinamiza kuti pa boda anakubweza. Akuti unati, "Handingasiye baba vachikosora kudai," sungasiye bambo ako akukhosomola chonchi. Ndinapsa mtima, Patuma, ndinafuna kukutsatira ku Mandava komweko. Kenako ndinaseka. Kenako ndinalowa m'nyumba kukapukuta m'maso kuti Mai Dube asapeze nkhani ina yokagawa.

Ndili m'nyumbamo ndakumbukira tsiku lija tinakangana za ulendo womwewu, iwe n'kundiponyera Chingelezi: "Baba, you don't grasp the situation." Ha! Iwe Patuma iwe! Unkayesa kuti liwu lakuti "grasp" landipitirira? Unaliyika pamalo pake, sinditsutsa, sukulu sinakupite pachabe. Koma liwu limenelo ine ndinakumana nalo iwe usanabadwe, ndipo linandichititsa manyazi pamaso pa amayi ako. Khala bwino pampandopo ndikuuze.

Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito pa mgodi wina wa golide cha ku Kwekwe. Kumeneko aliyense wolowa pansi ankaphunzira fesiti edi, kuthandiza mnzako akavulala dokotala asanafike. Ankatiphunzitsa anali Mdala Ncube, munthu wamfupi wa mawu ngati belu, wokonda Chingelezi chifukwa anakachita kosi ku Bulawayo. Tsiku lina ankationetsa mmene anthu awiri anganyamulire wovulala pamalo opanikiza pamene machira sangadutse. Mumapanga mpando ndi manja anu, wovulalayo n'kukhalapo. Mdala ankakuwa, "Grasp the wrist!" Ndiye kuti gwira mnzako pamkono, povala wotchi paja. Akamaliza ankatiyang'ana mmodzimmodzi n'kufunsa, "Do you grasp?" Tonse pamodzi, "Yes, Mdala!" Ine ndiye ndinkayankha mokweza kuposa onse. Koma maso anga sanali pa manja a Mdala. Anali kunja kwa zenera, kumene atsikana a m'komboni ankadutsa ndi ndowa, ndipo pakati pawo panali wina wa mpango wobiriwira dzina lake Asiyatu. Amayi akotu amenewo.

Linafika tsiku la mpikisano wa fesiti edi. Komboni yonse inasonkhana pabwalo la mpira, mabwana ali pamthunzi, amayi ali mbali iyi, Asiyatu ali kutsogolo penipeni. Ine anandiphatikiza ndi Sibanda, yemweyu umamutcha Babamukuru, kunena kuti bambo aakulu, wa mzere wa nyumba wakuseri kwathuyu. Wovulala wathu wonamizira anali wophika wa ku kantini, chimunthu chonenepa, atamupaka penti yofiira pamwendo. Wisulo italira, ine ndinangokolowekana zala ndi Sibanda ngati anthu a pachibwenzi. Sibanda akunong'ona, "Bamba kahle, Achimwene! Gwira bwino!" Ine ndikumwetulira kwa anthu, chifuwa chili patsogolo. Tinamunyamula wophika uja, tinayenda pang'ono, thukuta linalowa pakati pa zala, ndiye khu! Munthu pansi, fumbi koboo. Wovulala wonamizira anasanduka wovulala weniweni, komabe anadzuka n'kutithamangitsa bwalo lonse akutsimphina. Amayi ako anaseka mpaka anakhala pansi. Kuyambira pamenepo mpaka chaka chimene anatisiya, akamandipatsa kapu ya tiyi ankayamba aigwira kaye n'kundifunsa, "Do you grasp, Che Jafali?"

Madzulo ake Mdala Ncube sanandikalipire. Anangonditenga dzanja lamanja, n'kundigwira povala wotchi, n'kundiuza kuti nanenso ndimugwire pomwepo. Anati, "Tsopano taya." Ndinatambasula zala. Iye anali chigwirire, gwa. Anati zala n'zachinyengo, zikanyowa zimathawa zonse pamodzi. Koma mukagwirana pamkono mwamanga mfundo ziwiri, wina akafooka n'kutaya, wina akadagwirabe. Kenako anandigogoda pamphumi ndi chala n'kunena kuti akafunsa funso lake lija safunsa ngati makutu amva, amafunsa ngati chinthucho chakhazikika m'mutumu moti ngakhale utadzidzimuka sichingagwe. Anati azungu liwulo amagwiritsa ntchito ponena za dzanja, ponenanso za mutu, ndipo konseko limanena kugwira kolimba, osati kukhudza chabe.

Ndiye iwe, mwana wanga, kusukulu ukupitako usakhale wa "Yes, Mdala." Ndikukudziwa, uli ndi manyazi a amayi ako ndi matama anga, zinthu ziwiri zoipa zikakumana. Aphunzitsi akakuonetsa kubaya jekeseni kapena kuyeza mankhwala, iwe osamvetsa, kweza dzanja. Nena kuti, "Pepani, mubwerezenso." Anzako akaseka Chichewa chako cha ku Zimbabwe, aseke, mano ndi awo. Ine ndinagwetsa wophika, anatupa thako n'kuchira. Iwe "inde" wako wabodza angagwetse mwana wa munthu m'manda. Funsa, Patuma. Funsa mpaka atope nawe.

Nkhani ina ndi ya chaka chatha chomwechi, unalipo, koma ndikukumbutsa chifukwa umaikonda. Nthawi ija mashelefu a m'masitolo ali pululu, ndinaona mzere wautali m'tauni, ndinalowapo osafunsa kuti kutsogolo kuli chiyani. Masiku ano ukaona mzere umayamba waima, mafunso pambuyo. Wakutsogolo kwanga anati ndi shuga, wakumbuyo anati ndi mafuta ophikira. Chitseko chitatseguka tinakankhana ngati ng'ombe pa dibi, ine ndi chifuwa changachi ndinalowa pansi pa mkhwapa wa munthu, ndinafumbata katoni yonse, ndinalipira, ulendo. Ndinafika kuno ndikuyimba. Iwe unatsegula, unandiyang'ana, unati, "Baba, todya izvi here?" Inde, unafunsa ngati tidya zimenezo, pakuti m'katonimo munali polishi wofiira wopaka pansi, zitini zokhazokha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ine ndinatsala pang'ono kulidya lenileni. Mpaka lero khonde lathu ndi lowala kuposa onse m'Maglas muno, eni ake tikugona ndi njala.

Ukusekatu, ndikukuona. Seka, koma umve. Mdala Ncube anali ndi dzina la munthu wotero, ankati "grasping," munthu wa manja osakhuta, wofumbata chilichonse chimene chadutsa. Ku Blantyre ukaona zambiri zowala. Kudzabwera anyamata a magalimoto, kudzabwera anzako okuuza kuti siya mabuku tikagule nsalu tizikagulitsa ku Joni. Wawaona anyamata a mzere wathu amene anasiya sukulu kuthamangira golide wa ku Gaika, ena abwera ndi mafoni, ena abwera atakulungidwa m'bulangete. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Usanafumbate kanthu, yamba watsegula katoni uone. Koma ichi chimene wapatsidwachi tinatsegula kale, tinaona, ndi shuga weniweni. Malo a sukulu aja azakhali ako a Hawa anawayendera mpaka nsapato kutha. Chimenechi ndiye ugwire ndi manja awiri.

Tsopano nkhani yomaliza, ndipo iyi sunaimvepo. Uli wamng'ono unkakonda kusisita timabala tili pamkono wanga wamanja, n'kumafunsa kuti chinandikanda n'chiyani. Ndinkati ndi mphaka. Sanali mphaka, anali Sibanda.

Tinali titakwatirana ndi amayi ako, iwe uli m'mimba. Amayi ako anali atandisokera kathumba ka chigubu changa cha thobwa, ka nsalu yobiriwira yotsala ku mpango uja. Tsiku lina pansi pamgodi anaphulitsa miyala, tonse tinakwera makwerero kupita pamwamba pake kukadikira kuti utsi uthe, monga mwa lamulo. Ndili pamenepo ndinakumbukira kuti chigubu ndachisiya kumunsi. Sibanda anati chisiye, Achimwene, chigubu sichithawa. Ine ndi matama anga aja ndinati ndingotsika kamodzi n'kamodzi. Ndinatsika, ndinachipeza, ndinachikoleka m'khosi. Pokwera ndinamva mutu ukuzungulira, miyendo ngati si yanga. Utsi wa zophulitsira suchita phokoso, umangokugoneka. Makwerero anali onyowa, kumbali kwake kuli dzenje lotayiramo miyala, lakuya moti ukaponya mwala umatopa kudikira. Nditatsala pang'ono kufika, phazi linaterereka.

Sibanda anali atagona chafufumimba pamwamba, dzanja atalitambasula. Sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, koma manja athu anapezana povala wotchi, monga anatiphunzitsira Mdala. Sitinaganize, manja anakumbukira okha. Ndinamumva akukuwa, "Bamba! Bamba!" Ndinagwira, Patuma, ndinagwira ndi mphamvu zanga zonse, ndikuganiza za amayi ako ndi iwe amene ndinali ndisanakuone. Kenako kunada bii. Zala zanga zinatambasuka zokha. Ine ndinataya.

Ndinatsitsimuka ndili pamwamba, anzanga akundithira madzi, Sibanda ali pambali akunditukwana m'Chindebele, mawu amene sindingalembe mwana wanga akuwerenga. Phewa lake linali litaguluka. Zikhadabo zake zinali zitalowa m'mnofu wanga. Anandigwira yekha, munthu wolemera ngati thumba la simenti, mpaka ena anafika kudzakoka. Unaonapo kuti Babamukuru ako amapesa tsitsi ndi dzanja lamanzere? Lamanjalo silikwera kupitirira phewa kuyambira tsiku limenelo. Chigubu chija chinali chikadali m'khosi mwanga, ndipo Sibanda anamwa thobwa lonse yekha, anati ndiwo malipiro ake.

Ndakuuza zimenezi si kuti undimvere chisoni ayi. Ndikufuna uone amene akutsala nane. Mgodi uja utatseka tinabwera limodzi kuno ku Zvishavane, ndipo mpaka lero amakhala kuseri kwathuku. Lero m'mawa Mai Dube atangochoka ndinapita kwa iye, ndinamuuza za nzeru zako za pa Gweru. Anadzuka pampando, anati, "Mwana ameneyu akundinyoza! Ine amene sindinakutaye m'dzenje, ndingakutaye chifukwa cha chifuwa?" Mayi Sibanda anena kuti mbale yanga izikhala pamodzi ndi ya amuna awo, ndipo alonjeza kuti nkhumba sidzayandikira mphika wanga. Kadimba kathu ka ndiwo zamasamba za kovo tizithirira limodzi. Anzanga a kumzikiti sadutsa Lachisanu osandiona. Mai Dube nawonso, ndikangokhosomola kawiri khoma lomweli limawauza, ndipo Maglas yonse imadziwa dzuwa lisanakwere. Ndili ndi anthu ine, mwana wanga, sindili patchire.

Nanga iwe ukatsala udzandipatsa chiyani? Madzi otentha? Mai Dube amadziwa kuwiritsa madzi. Udzakhala pamphasa kundiyang'ana ndikukhosomola, ine n'kumakuyang'ana ukukalamba pamzere wa mkate ndi satifiketi yako m'sutikesi. Wapitako wekha kukiliniki, waona, mankhwala kulibe, anamwino ambiri anawoloka malire. Chimene nyumba ino ikusowa si munthu wina wolira nawo. Ikusowa munthu wodziwa chochita.

Sindikunamiza, pakuti siwenso mwana. Chifuwachi sichidzatha. Mwina udzandipeza pakhonde lowalali utavala zoyera, ine n'kukuzunguliritsa mzere ndi mzere mpaka anthu atseke zitseko. Inshallah zidzatero, ndipo ndikulimbira tsiku limenelo. Mwinanso Mulungu adzaganiza zina, pakuti masiku ndi ake. Koma ukatsika pa Gweru chifukwa cha ine, udzakhala wandisenzetsa katundu woposa chifuwa. Ndidzadzuka m'mawa uliwonse ndikudziwa kuti ndine dzenje limene mwana wanga anagweramo. Zimenezo ndiye sindingapirire, ndikukuuza mosabisa. Ndimakukonda, Patuma, ndipo nyumba ino ikhala yaikulu kwambiri iwe kulibe. Koma chimwemwe changa lero chaposa mantha anga, ndipo sindilola kuti undilande.

Tizinthu ting'onoting'ono ndisaiwale. Pasipoti ikhale m'kathumba ka m'kati kamene Mayi Sibanda akusokera, usaitulutse pokhapokha pa boda. Pa Nyamapanda adzabwera anyamata okoma pakamwa ofuna kukuthandiza, uwayankhe mwaulemu koma chikwama chili pamimba. Mukamawoloka mlatho wa ku Tete usagone, uyang'ane Zambezi m'malo mwanga, ine ndinamuona kamodzi kokha ndili pamsana pa agogo ako. Ukafika ku Limbe ugwade popereka moni kwa azakhali ako, ndipo uziti zikomo, osati maita basa wa Chishona uja, poti basa ndi ntchito, angayese ukuwapempha ntchito. Ndi olongolola koma mtima wawo ndi wabwino, ukawathandize kuchapa osadikira kuuzidwa. Swala, mapemphero ako aja, usasiye, ngakhale mayeso atapanikiza. Uthenga uzipatsira amayi a matumba aja amene amabweretsa mpunga ndi zitenje kuno, amandidziwa onse, ungoti Che Jafali a khonde lofiira. Ndipo funsa, ndanena kale koma ndikubwereza, funsa.

Eee, ndatsala pang'ono kuiwala. M'thumba la m'mbali ndakuikira chitini chimodzi cha polishi. Ukapatse azakhali ako, uwauze kuti ndi mphatso yochokera kwa mlongo wawo wolemera wa ku Zimbabwe.

Dzuwa lapendeka, ndipo ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi anzako. Ndimalize msanga usanandipeze. Mawa pokwerera basi sindikupatsa moni wa zala. Ndidzakugwira povala wotchi, nawe udzandigwira pomwepo, ndipo udzadabwa kuti mdalayu watani lero. Pamene ukuwerenga pano zachitika kale. Tayang'ana pamkono pakopo, mwina pakadali chizindikiro, pakuti manja a pamgodi sadziwa kugwira pang'ono. Iwe unatambasula zala kuti ukwere basi, ndipo unayenera kutero. Kumeneko si kunditaya ayi. Manja akowo akufunika kwina, akagwire mabuku, akagwire odwala, akalandire ana obadwa kumene. Kugwira kwa mbali ino undisiyire ine, ndipo ine ndikafooka, Sibanda alipo.

Posachedwa basi ichepetsa liwiro, kondakitala ayamba kukuwa kuti, "Gweru! Gweru!" Anthu adzuka, atsitsa katundu, chitseko chitseguka. Iwe khala pomwepo. Senda mbatata ina, udye, uyang'ane kutsogolo.

Do you grasp, Patuma?

Ndine bambo ako,
Jafali